Zimene Ndinaona M'dontho la Masese

Mundikhululukire polimba mtima kulemba, ndaphunzira zochepa. Nthawi ya nkhondo ku Chipera, Aprofesolo Banda, aphunzitsi athu, anaika dontho la masese m'makina okuzira tizinthu tating'ono. Anati selo ya felemento, yisiti wofufumitsa mowa uja, ikamagawikana, tiona timaulusi ta makromosoma tikundanda pakati, kenako nkukokedwa uku ndi uku.

Ine ndinangoona nsidze zanga. Koma iwo ankandiyang'ana mwachiyembekezo, ndiye ndinati, "Ndationa, aprofesolo!" Anandijambulitsa pabolodi, anzanga onse nkukopera. Kalasi yonse inaloweza nsidze zanga pokonzekera mayeso.

Mayeso atayandikira ndinaulula kwa aprofesolo kuti zinali nsidze zanga. Anaseka mpaka kutsokomola. "Inenso sindinaonepo kanthu m'menemo, mwanawe. Ndinkayesa maso ako ndi akuthwa kuposa anga."

Tinafufuta limodzi chojambula chija pabolodi pa 25 Juni, tsiku la ufulu wa dziko lathu.