Mlendo amene safuna mthunzi

Lachitatu lapitali ndinapereka nthochi za akazi anga kwa mlamu wanga, mapando onse, osagwira khasu. Ndinangochita ulemu basi.

Kuno ku Lunho kwabwera oyeza minda, kuti aliyense akhale ndi pepala la mashamba ake. Wotsogolera ndi mayi wina, enjinyera, wa chipewa chachikulu. Atafika analunjika pa chipilala chachifupi cha simenti chimene chili kumtunda kwa munda wathu, chija timamangirirapo mbuzi. Pamwamba pake anaimika chitsulo cha miyendo itatu, chosenza kambale koyera ngati chivundikiro cha poto.

"Ndani angandiyang'anire ichi?" anafunsa mayiwo.

Anthu onse analoza ine. Paja ndine wowerenga wa pamudzi. Ndinamalizapo buku la nyenyezi, ngakhale masamba oyamba anali atadyedwa ndi chiswe.

"Chimamvera masetilaiti, bambo," anatero mayiwo, "n'kumauza ndodo yangayi pamene ndaima. Mbuzi zisayandikire."

Anatenga ndodo yawo, ulendo kumalire, akazi anga ndi mchimwene wawo a Saide ali pambuyo.

Mbuzi sizinayandikire. Koma dzuwa linakwera. Nditakhudza kambale kaja, moto! Tsono inu owerenga, mlendo wochokera ku Lichinga angapse pakhomo panu mtengo wa mango uli pomwepo? Ndinachinyamula chitsulocho ndi manja awiri, mapazi khumi, n'kuchikhazika pamthunzi.

Sipanapite nthawi, akazi anga anatulukira akuthamanga.

"Inu bambo a Rosa! Akuti nthochi zanga zili m'munda mwa achimwene!"

A Saide ankabwera pang'onopang'ono, mano onse panja. "Alamu, makina sanama. Ine ndinkaona kale kuti nthochizi zimaweramira kwathu."

Mayi enjinyera anayang'ana chipilala, anayang'ana mango, kenako ine.

"Mwachisuntha?"

"Chimapsa, mayi."

Anavula chipewa, nakhala pa chipilala paja. Ataseka mokwanira anandiphunzitsa zimene mwina zinali m'masamba a chiswe aja. Akuti zida zotere zilipo zamitundumitundu. China amachimangira pathanthwe, chimamvera chaka ndi chaka, mpaka chimazindikira nthaka ikasendera pang'ono ngati kukula kwa chikhadabo. China chimakhala padenga la nyumba m'tawuni, n'kumatumizira oyeza uthenga pa foni. Ichi cha miyendo itatu ndi cha ulendo, chimagwira ntchito tsiku limodzi n'kupakira. Chipilala chathu cha mbuzichi nacho ndi m'bale wawo, kungoti sichilankhula, chimangosunga malo.

"Zonsezi nzeru yake ndi imodzi, bambo: kukhala pomwe zaikidwa. Chikasuntha mapazi khumi, mudzi wonse wasuntha mapazi khumi."

Mawu amenewa andikhala m'mutu sabata yonse. Ife timatama oyenda. Wobwera ku Nampula timamuyalira mphasa, wokhala pamudzi timati ndi wogona. Koma woyendayo akafuna kudziwa pamene munda wa bambo ake unathera, kapena manda a agogo ake ndi ati, amafunsa yani? Si azakhali aja amene sanapitirirepo Metangula?

Ndiye timawanyamula azakhaliwo, ndi manja awiri, kuti akapume kwa ana m'tawuni, pamthunzi. Mtima wabwino ndithu. Chaka chisanathe abale kumudzi akulozana zala pa mtengo wa malire, wowauza zoona palibe.

Chitsulo chinabwerera padzuwa, kuyeza kunayambiranso, ndipo nthochi zinabwerera kwa mwini wake. A Saide mpaka lero akuti makina a m'mawa ndiwo anali abwino.

Mawa lake mayi enjinyera anaimikanso chida chawo. Ine ndinafika nditachapa malaya, koma anapempha akazi anga kuti ndikhale kutali. Mbuzi anazilola.

Akuti mbuzi siwerenga, komanso ilibe ulemu.

Nanga inu, kwanu mwasunthira yani pamthunzi?