Magazi a Njiwa

Zopita ku Lusaka sindinafunse munthu. Digiri yoyamba ndinali nayo kale, koma ntchito yake inali yogulitsa mayunitsi pansi pa ambulera ku Phalombe, dzuwa n'kumandiwamba ngati utaka. Ndiye yunivesite ina ya ku Zambia itandiyankha kuti ndipite ndikachite digiri yachiwiri, yofufuza momwe njiwa zikukhalira m'tauni, ndinangoyamba kulongedza. Mayi anaseka mpaka kupukuta misozi. Akuti njiwa zomwe ana amagenda ndi malegenizi zayamba liti kulemba anthu ntchito? Achimwene anga a Yohane, amene atilera chimwalirireni bambo, anandiperekeza mpaka ku Limbe.

Ndinapeza kachipinda ku Chelstone, kuseri kwa nyumba ya munthu. Ntchito yanga inali yoyenda. Ku Woodlands ndinkafunafuna zisa m'mitengo ya jakaranda, ku Kabulonga ndinkapempha alonda kuti anditsegulire geti, ndipo ambiri ankangondiyang'ana pa kabowo n'kutseka. Pakati pa tauni njiwa zake zinalibe manyazi, zinkatola nyenyeswa pansi pa maminibasi. Ndikagwira imodzi mu ukonde ndinkaiveka kamphete kumwendo kuti ndidzaizindikire ikadzapezeka kwina. Kenako ndinkatenga kadontho ka magazi kuphiko ndi kajakisoni, n'kuika m'kabotolo, kabotoloko m'kachikwama kozizira. Magaziwo ndi omwe ankatiuza ngati njiwa za ku Kabwata zimaswana ndi za ku Kabulonga, kapena misewu ndi mipanda yazilekanitsa.

Kusungulumwa kunalipo, sindinama. Ndalama ya sukulu inkachedwa, ndipo ikabwera ndinkagawako ya feteleza kumudzi, ine n'kutsala ndi tinsomba ta kapenta. Chinyanja chawo ndinkamva, koma ndikatsegula pakamwa ankati ndikulankhula ngati Baibulo. Chomwe chinandithandiza ndi kwaya ya ku tchalitchi. Kumudzi ndinkangotumiza zithunzi za zisa, timazira tiwiri pa timitengo tosanjika mosasamala. Za majakisoni sindinkanena. Kwathu kuli mbiri ya anamapopa, anthu omwe amati amapopa anzawo magazi, ndipo sindinkafuna mayi azigona ndi nkhawa.

Tsiku la tsokalo ndinali ku Kabwata, kuseri kwa mafulatsi, m'mawa dzuwa litakwera kale. Ndinali nditagwada, njiwa ili m'manja, jakisoni ali kuphiko. Mnyamata wina wotsuka magalimoto anaima pambuyo panga, kenako anaitana mnzake. Posakhalitsa panabwera amayi atanyamula zidebe. Wina anatsegula kachikwama kanga ndi phazi, timabotolo tofiira n'kugubuduka pa simenti.

"Ni magazi ya ndani aya?" anafunsa bambo wina wa jekete lachikopa.

Ndinati ndi a mbalame. Ndinatulutsa chiphaso cha ku yunivesite, koma chinagwa pansi, ndipo palibe anawerama kuti atole. Mawu oti satana anayamba kuyenda pakamwa ndi pakamwa. Wina anati mwana wa mlongo wake wakhala akutuluka magazi m'mphuno. Wina anati mverani kalankhulidwe kake, si wa kuno. Ndinaona munthu akugudubuza tayala, ndipo ndinadziwa ntchito yake. Abale anga, mantha amanunkha. Mkodzo unatsika ndi mwendo, ndipo ndinalephera ngakhale kuitana dzina la Yesu. Mwala woyamba unandipeza paphewa. Njiwa ija inapulumuka m'manja mwanga osadziwa ine.

Amene anandiwombola ndi Amai Tembo, mayi wonenepa wa ku Katete yemwe tinkaimba limodzi alto. Ankachokera kokaona wodwala. Anakankha anthu ndi zigongono, anamasula chitenje chawo cha bungwe la amayi a ku tchalitchi n'kundifunditsa kumutu.

"Musiyeni uyu mwana! Nimuziba ine, tilandila naye ukaristiya. Wofuna kumuocha ayambe na ine."

Anandikumbatira choncho mpaka apolisi atafika.

Kuyambira pamenepo sindinkathanso kutuluka. Kondakitala akakuwa pa siteji, ndinkathamangira kukhoma chitseko. Aphunzitsi anga anati ndikapume kwathu, ndipo popeza kafukufukuyu ankafunikanso njiwa za kumudzi zoyerekezera ndi za m'tauni, nditenge zida ndikagwire konko. Achimwene ndinangowauza pa foni kuti anthu anandiputa. Anakwiya, akuti anthu a m'tauni ndi zilombo, ndibwere kwathu kumene aliyense amadziwa mchombo wanga.

Nditatsika njinga ya kabaza n'kuona phiri la Michesi, ndinalira ngati mwana. Mayi anandiphera nkhuku. Masana ake tinakhala pakhonde tikusenda nandolo, achimwene akundiuza za kumudzi: wakuti anakwatiwa, mlatho unakokoloka. Kenako, akuseka, anafika pa nkhani ya mnyamata wina wachilendo amene anamupeza kudambo mwezi wathawo, atanyamula chikwama cha mawaya ndi timabotolo. Iye ankati akuyeza madzi a m'zitsime. Achimwene anati anamuthamangitsa mpaka kumsewu, ndipo akanapanda kudumphira mu lole akanaona polekera. Anandionetsa chipsera pachala, pomwe anadzicheka potola mwala.

Ndinayang'ana dzanja lomwe linkandipatsa fizi lija. Ndinafunsa ngati anaona magazi m'timabotolomo. Anati ukaona utsi sudikira kuti uone moto.

Mayi anazindikira kuti ndasiya kusenda. Achimwene atapita kudimba ananditengera m'nyumba, ndipo ndinawauza zonse, za tayala zomwe. Ndinatsegula chikwama n'kuwaonetsa ukonde, majakisoni ndi timabotolo. Sanakhudze kanthu. Anapita kukatseka chitseko, masanasana, n'kufunsa ngati mwana wa kabaza uja anaona za m'katimo.

Ndinati koma mayi, kuno amandidziwa, ambiri ndinaphunzira nawo.

"N'chifukwa chake," anatero motsitsa mawu. "Achoka liti kuno osauka, lero akutumiza feteleza? Funso limenelo anthu analiyamba kale za iwe. Ku Lusaka kuja ukanafa wekha, mwana wanga. Kuno atentha ndi nyumba yomwe, ndipo mchimwene wakoyo sindikudziwa aima mbali iti."

Sindinagwire njiwa ndi imodzi yomwe, ngakhale zinkalira mu mtengo wa mango wa pakhomo pathu. M'mawa mwake mayi anakulunga chikwama chija m'thumba la mbatata, analisenza okha mpaka ku siteji, akupereka moni kwa aliyense mwansangala. Ndinakhala chowuma ulendo wonse, thumba lili pakati pa miyendo. Mpweya wabwino ndinaupuma nditawoloka malire pa Mwami, basi italoza ku Lusaka.