Munda wa Amuna Okhaokha

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Sakala, m'mphuno mwanga mumayamba kuyabwa ndi fungo la feteleza, lija loboola ngati mkodzo wogonera, limene linkatsika ndi utsi wachikasu kuchokera kufakitale n'kukakamira pa zovala zimene Ambuya, akazi awo, ankayanika pa waya kwathu ku komboni ya Nangongwe. Agogo ankasenza matumba m'fakitalemo. Akaweruka sankapita kumowa ngati anzawo, ankatsetserekera kumunda kufupi ndi mtsinje wa Kafue, ine mdzukulu wawo wamkazi ndili pambuyo ndi ndowa pamutu, ndipo akafika ankavula ovolosi n'kuikutumula patsinde pa mtengo uliwonse kuti tifumbi ta feteleza totsalira m'mapindiro tigwerepo. Munthu wosenza feteleza tsiku lonse, koma thumba lakelake sanalionepo. Matumba onse ankakwera sitima kupita kumafamu akuluakulu.

Mitengoyo inali ya chinkondya, yofanana ndi kanjedza, imene zipatso zake amayengera mafuta ofiira amene anthu a ku Luapula amaphikira. Inabwera ndi mlangizi wina wa zaulimi, mnyamata wa taye ndi nsapato zonyezimira, m'zaka zoyamba za ufulu. Ine ndinali ndisanadziwe kanthu, koma Ambuya ankaibwereza nkhaniyi mpaka ndinailoweza. Akuti anaimika galimoto pansi pa mkuyu, natsitsa mbande, nauza anthu kuti dziko la ufulu siligula saladi, mafuta ophikira aja, kunja, aliyense azidziyengera mafuta ake, ndipo makina oyengera amangidwa pompano pa Kafue. Alimi ndi asodzi akale a pamalopo, odziwa nthaka yawo, anangoyang'anana n'kumwazikana. Agogo, mlendo wochokera ku Katete, munthu wofulumira kuombera m'manja, anatola mbande zonse zimene anzawo anasiya.

Choipa n'chakuti munda umene anazibzalamo unali wa nshawa za Ambuya. Kuyambira pamenepo nsinjiro inasowa m'nyumba mwathu, ndipo saladi atayamba kusowanso m'masitolo, anali Ambuya omwewo oima pamzere dzuwa likuswa mtengo, n'kubwerera ndi botolo lopanda kanthu. Chibwabwa, ndiwo ya masamba a maungu, chinkalowa mumphika ndi madzi ndi mchere basi. Ine ndinkameza ndi mkwiyo, ndipo sindibisa, mitengo ija ndinkadana nayo.

Inakula movutikira. M'nyengo yozizira masamba ankapsa nsonga, m'chilimwe ankalendewera ngati nsanza. Kenaka chaka china inatulutsa maluwa onga zala zaubweya, onunkhira motsekemera, njuchi zili ng'waa, ndipo Agogo anathamangira kukaitana Bana Mwansa, mayi wa ku Luapula amene tinayandikana naye nyumba, kuti adzaone chuma. Mayiyo anazungulira munda wonse akusuzumira m'makhwapa mwa mitengo, kenaka anagwira pakamwa.

"Awe, ba Sakala, aya maluwa ni amuna yekayeka. Uyu mutengo ukamvela njala ya manzi na mphepo, ubala chabe amuna. Kwathu mvula siichedwa monga kuno."

Ambuya atamva anaseka mpaka misozi. Pa Kafue panali nyumba zogonamo amuna a m'mafakitale amene anasiya akazi kumudzi, tinkati kumasingo, ndipo kuyambira tsikulo munda wa Agogo unakhala kumasingo. Agogo akamatuluka ndi ndowa Ambuya ankawafunsa ngati mabachala awo adzuka bwanji, ngati pali amene wapeza mbeta. Agogo ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, Ambuya n'kuyankha kuti maso a nkhono sathira m'ndiwo. Koma ndinkaona kuti Agogo ankakondwera nako kunyozedwako, chifukwa ankatuluka akumwetulira, n'kunena kuti mkazi amabwera pakhomo pamene pali madzi. Ndiye tinkatunga, ine ndi iwo, kukwera ndi kutsika gombe lamatope, khosi langa likulira, kunyengerera mitengo kuti ibale mwana wamkazi.

Ndipo anabweradi. Pa mtengo wa kumunsi kwenikweni, umene unkamwa kwambiri, panatuluka phava la tizipatso takuda tothithikana pakati pa minga. Bana Mwansa anati ameneyo ndiye, koma adikire mpaka afiire, pakuti chosapsa chilibe mafuta. Agogo anamutcha mkwatibwi. Ambuya anapita okha kukamuona, koyamba chilandidwire munda wawo, nabwera akung'ung'udza kuti mkwatibwi mmodzi pa amuna onsewo ndi mlandu.

Mwezi womwewo tinapeza zikhomo zofiira zitakhomedwa m'munda. Malowo ankafunika kuti pamangidwe mosungira katundu wa m'mafakitale. Amene anabwera kudzaona mbewu za anthu ochotsedwawo anali bwana wonenepa, wotuluka thukuta m'khosi, koma Agogo anamuzindikira asanatsike n'komwe m'galimoto: mnyamata wa mbande uja. Anamuthamangira atavula chipewa, namukokera kwa mkwatibwi monga mwana woonetsa aphunzitsi ntchito yake. Sanapemphe malo ena kapena chipukuta misozi. Anangopempha kuti thalakitala idikire phava lifiire.

Bwanayo anayang'ana mitengo, nayang'ana nsapato zake zimene zinalowa matope.

"Imwe mdala, nindani anakuuzani kushanga vinthu ivi kuno? Iyi ni mitengo ya ku Luapula."

"Ndinu, bwana. Pansi pa mkuyu paja."

"Aa, ija inali pulogilamu yakudala, inatha kale. Manje tifuna mpendadzuwa."

Sanakwiye, sanachite manyazi, sanakumbuke n'komwe. Chimenecho ndicho chimandiwawa mpaka lero. Zaka zonse zimene tinadya ndiwo zamadzi, kwa iye zinali Lachiwiri lina limene anatsitsa mbande n'kupita kukadya nkhomaliro.

M'mawa wa tsiku la thalakitala Agogo anadula phava lija likadali lakuda, nalinyamula pamutu, minga ikuwalasa. Ambuya anawalandira phavalo. Anaphika zipatsozo mumgolo monga anawalangizira Bana Mwansa, utsi wa makala uli tolotolo pabwalo, nazisinja okha mumtondo uja wa nsinjiro, kufinya ndi manja, kuwiritsanso, kuyengula. Pamwamba pa madzi panayandama timaso ta mafuta otuwa, osadzaza ndi supuni yomwe. Anathira m'chibwabwa, naika mbale patsogolo pa amuna awo, nagwada, nati, "Idyani, a Sakala. Mafuta a m'munda mwanu."

Mawu akuti kumasingo sanamvekenso m'nyumba mwathu. Agogo akaweruka ankakhala pakhonde ndi ovolosi yawo yosakutumula, kudikira kuti mwina anyozedwa, koma Ambuya ankangowapatsa madzi osamba mwaulemu. Chisoni chimenecho chinawakalambitsa msanga kuposa matumba.

Lero saladi ali mbwee m'masitolo a pa Kafue, ndipo ambiri ndi a chinkondya chomwecho, cholimidwa kutsidya kwa nyanja. Ndimagula, ndilibe kuchitira mwina. Koma kuseri kwa nyumba yanga ndimalima nshawa, ndipo munthu wa taye akaima pachipata ndi mbewu yatsopano, ndimamupatsa mpando n'kumufunsa funso limodzi: tsiku lokolola mudzakhala kuti?