Ndinapita Kukalowa M'malo mwa Mng'ono Wanga

Linali Lachiwiri mu Epulo, mapira atayamba kucha, pamene mlamu wanga anagogoda pakhomo panga ku Malama cha m'ma seveni m'mawa. Anali ndi pakati potopa. Anati agemu, alonda a nyama aja, atenga mwamuna wake, mng'ono wanga, chifukwa apeza msampha wa waya kumapeto kwa munda wake.

Msamphawo sunali wake, sunalinso wanga. Koma njovu zinali zitayamba kulowa m'minda, ndipo wake unalibe wina woulondera. Kwanga ana anali atakula. Ndinavala jekete langa la kutchalitchi n'kuyenda wapansi mpaka kukampu.

"Waya uja ndi wanga," ndinauza mkulu wa agemu. "Mumasuleni uyu, mutenge ine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye kuti muli awiri," anatero, n'kutsegula chitseko cha chipinda cha akaidi kuti nanenso ndilowe.

Mng'ono wanga atandiona sanakondwe. "Akulu, mwachita chiyani? Nanga kumunda apita ndani?" Ndinachita manyazi.

M'mawa uliwonse agemu ankatenga mmodzi wa ife awiri kukamufunsa kuseri kwa ofesi. Funso linali limodzi, lakuti mfuti yophera nyama tinaibisa kuti. Lachitatu ine, Lachinayi iye, motero mosinthana. Wofunsidwa tsikulo ankagona chafufumimba, msana utatupa ndi zikwapu.

M'chipindamo munali mkulu wa mpingo wa ku Jumbe, yemwe anagwidwa chifukwa cha nyama ya njati yomwe anthu anadya pamaliro. Anaphunzirapo kumishoni. Nditamufotokozera nkhani yanga anaseka pang'ono.

"Bambo, mwachita temura."

Anati ndi mawu a Chiheberi, kutanthauza kusinthanitsa. M'malamulo a Mose, munthu akalonjeza chiweto kwa Mulungu saloledwa kubwera ndi china kuti chilowe m'malo. Akatero, zonse ziwiri zimatsala komweko.

"Ndiye agemu nawonso amawerenga Baibulo?" ndinafunsa, mtima ukuwawa.

"Ayi. Koma mvetsani bwino. Cholowa m'malo chija sichitayika chabe. Nachonso chimayesedwa chopatulika."

Sindinatonthozeke. Ine ndinkafuna mapira a mng'ono wanga, za kupatulikazo ndinalibe nazo ntchito.

Patatha masabata atatu, Lachisanu, anatitulutsa osatipititsa kukhoti. Anangoti, "Zipitani, tisakuoneninso." Tinayenda pang'onopang'ono, tikupuma pamithunzi. Kumudzi tinapeza mlamu atachira, mwana wamkazi. Kumunda njovu zinasiya mapesi okha.

Ndinaima m'mapesimo n'kupepesa. Ndinati ulendo wanga sunapindule kanthu, ufulu ndinalephera kumupatsa ngakhale wa tsiku limodzi.

"Akulu," anatero mng'ono wanga, "mukanapanda kubwera, masiku onse aja akanathera pamsana umodzi. Sindikanafika kuno ndi miyendo yanga kudzamuona mwanayu."

Lero ndimayenda kulikonse popanda wondifunsa. Koma kukazizira msana umandikumbutsa, ndipo ndimawerenga masiku anga aja, Lachitatu, Lachisanu, Lamlungu. Amenewo iye anapuma.