Malonje a Alamu Pakhomo la Chipatala

Matenda a bambo a kunyumba kwanga ndinawaona ndi maso angawa mmene anayambira. Unali m'mawa, tili pakhonde kwathu ku Nkopola, iwo akumwa tiyi, ukonde woti asoke uli pamiyendo. Ankandinena kuti ndaumira shuga. Mawuwo asanathe, kapu inapulumuka m'dzanja, mlomo unakhotera kumodzi, ndipo zoyankhula zawo sizinamvekenso.

Tinakwera matola kupita kuchipatala cha ku boma, ine, mwana wanga wamkazi wa fomu folo, ndi alamu anga, akulu awo a bambowo. Kwathu kuno mwamuna akadwala, womuyankhulira ndi mkulu wake. Mkazi umakhala kumbuyo ndi beseni. Komanso munthu wamkulu safikira pa nkhani ngati mwana. Amayamba wapereka malonje, kuchokera kumene zinachokera.

Pakhomo panali anamwino osankha odwala, mzere utafika mpaka pa mtengo wa mango. Bambowo tinali titawafunditsa chitenje kumutu chifukwa cha fumbi.

"Zayamba bwanji, agogo? Mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono?" anafunsa anamwinowo.

Alamu anavula chipewa, nakhosomola kaye. "Mwanangu, izi ndi zakale. Munthuyu nthawi ya mwera ankadandaula msana. Chaka chatha linali bondo. Ngakhale ali mnyamata, mutu unkamuvutavuta."

Sananame. Anamwino anatilozera pabenchi, tinakhala.

Dzuwa linakwera. Dzanja la bambo linali lende pa mwendo wanga, lolemera ngati si lawo. Mwana wanga anandinong'oneza: "Amayi, pa Chingerezi cha achipatala matenda ali pawiri. Ena ndi ogwera munthu kamodzi, ena ndi okwawa. Gulu lililonse lili ndi dzina lake, ndipo oyambawo sadikira pamzere. Abambo aakulu atiika kwa okwawa."

"Ndiye ndiwadule alamu pakamwa, pagulu pano?"

"Kapu munaiona ndinu, amayi."

Ndinapemphera chamumtima, mawu ochepa chabe. Kenaka ndinagwada pafupi ndi alamu. "Alamu, pepani, pa malonje paja tasiya za kapu."

"Kapu? Ife tabwera ndi munthu, inu mlamu mukulira kapu?"

Ndinadzuka ndithu n'kukawauza anamwino kuti munthuyu m'mawa womwe uno amaseka, ndipo zonsezi zachitika tiyi asanazizire. Anabwera okha, anavundukula chitenje, anayang'ana mlomo uja. Sanafunsenso kanthu. Anaitanitsa machira, ndipo bambo analowa nthawi yomweyo. Adokotala anati ndi sitiroko, matenda osafuna kuchedwa nawo.

Mulungu ndi wabwino, bambo ali moyo. Mawu anabwerera pang'onopang'ono, moti tsopano amandinenanso za shuga. Dzanja lamanja ndiye silinabwerere. Ndimawasambitsa, ndimawaveka, ndimawatembenuza, ndipo msana wangawu wayamba kuyankhula zake. Ukonde uja ukadali pa msomali ndi chibowo chake. Ngati dzanjalo linatsala pabenchi paja kapena linali litapita kale pakhonde, sindinafunse adokotala. Ndilibe mphamvu zonyamulira yankho lake.

Alamu amabwera Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, atanyamula usipa kapena nthochi, Ambuye awadalitse. Kukabwera odzazonda, alamuwo amavula chipewa n'kuyambira pa msana wa nthawi ya mwera. Ndimawasiya amalize. Ine ndimakhala pambali pa bambo, nditawagwirira kapu kukamwa.