Gadiyani panja pa chitseko

Kwathu munthu sapita kuchipatala yekha. Pamakhala gadiyani, wonyamula chitenje ndi kapu, woyankha mafunso a dokotala wodwala ali phee. Ine ugadiyani ndinakula nawo. Ndinadwazika mayi anga, ndinadwazika apongozi, ndipo ngakhale pano ndine nesi kunja kwa dziko, pa chipatala cha Beaumont, khalidweli silinandichoke.

Ndiye mwana wanga wamkazi atayamba kusintha, ali ndi zaka sikisitini, ntchito yanga ndinaidziwa. Ankangobwera kusukulu n'kudzitsekera kuchipinda, chakudya n'kumangochitosatosa. Ukamufunsa m'Chichewa ankayankha m'Chingerezi kuti ali bwino, basi. Tsiku lina aphunzitsi ake anandiimbira kuti amupeza akulira kubafa. Mtima unandipweteka, komanso manyazi anandigwira, ndisaname. Ku Tyrrelstown kuno nkhani imafika kutchalitchi Lamulungu lisanakwane.

Tinakwera basi kupita kwa dokotala, kunja kukuwaza kamvula kosatha kaja. Dokotalayo anali mayi wa imvi zake, wolankhula motsitsa. Anafunsa mwanayo ngati amagona bwino.

"Amagona," ndinatero ine.

Anamufunsa ngati ali ndi anzake.

"Ambirimbiri. Ali m'kwaya."

Dokotala anavula magalasi. "Mayi, mungatidikire panja pang'ono? Pa msinkhu wakewu, za maganizo ake ayenera kunena yekha, ndipo thandizo sitimuyambitsa mwini wake asanavomere."

Aa! Ine panja? Mwana amene ndinatsika naye ndege ali kumsana? Ndinamuyang'ana kuti mwina akana, koma maso ake anali pa nsapato. Ndinatola chikwama n'kutuluka.

Mkwiyo sunachedwe kutha, panatsala mantha. Mwanayo ndimamudziwa. Ndinaona kuti anena kuti ali bwino monga amanenera kwa ine, akana thandizo, tikwera basi yomweyo kubwerera ndi katundu yemweyo, ine wopanda mphamvu yomukakamiza. Kuntchito ndimauza achibale a odwala kuti adikire panja, ndikumwetulira ndithu. Sindinkadziwa kuti mipando yake ndi yozizira chonchi. Ndinawerenga zonse zomatidwa pakhoma, mpaka za katemera wa chimfine.

Patapita nthawi chitseko chinatseguka, dokotala n'kundikodola.

"Wavomera kumaonana ndi mlangizi," anatero. "Zina wapempha kuti zikhale pakati pa iye ndi ine. Koma chilipo chimodzi akufuna akuuzeni yekha."

Ndinalowa. Maso a mwanayo anali psuu, tishu atamufinyira m'manja. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe mafunso anga, iye n'kukweza dzanja. Analankhula m'Chichewa, Chichewa chake chopindika chija chimene azakhali ake amamuseka nacho pafoni.

"Amayi, musandiyankhire. Ingokhalani pano."

Ndinakhala, chikwama pamiyendo.

"Ine sindigona," anatero. "Kuyambira kalekale sindigona. Ndimakumvani mukamadzuka kupita kuntchito, ndiye ndimatseka maso kuti musadandaule."

Chipinda chake ndi changa zalekana ndi kakhoma kopyapyala, munthu akatsokomola uku kwinaku amamva. M'mawa uliwonse ndinkasuzumira, n'kuona mwana ali m'bulangete, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono kuti ndisamudzutse.

Dokotala anafunsanso funso lina. Yankho lake ndinali nalo kale pamilomo. Ndinalimeza, n'kudikira kuti mwana wanga ayankhe.