Kamtolo ka Fodya ku Harare

Nditabwerera kudzakhala ku Harare, patatha zaka zambiri ndili ku Blantyre, katundu sindinamasule n'komwe. Ndinangoponya chikwama m'kachipinda ka lendi n'kukwera kombi yopita kumsika wa fodya, kumene alimi a ku Trelawney, dera la mafamu komwe ndinakulira, amadzagulitsa. Fungo lokhalo linandikumbutsa kwathu! Belo la mayi wina linali litamasuka. Manja anga, osandifunsa, anatola masamba n'kuwamanga kamtolo mopotokola kawiri, monga tinkachitira kukomboni kwathu.

Mayiwo, amene nawonso anali a ku Trelawney, anandiyang'anitsitsa. "Kamangidwe aka n'kakwathu. Ndinu mwana wa ndani, achimwene?"

Ku Blantyre zaka zonsezo ankangonditcha Mzimbabwe. Kuno kamtolo kamodzi ka fodya kanandipezera abale dzuwa lisanapendeke.